Ndinasaina Mapepala Onse Awiri

Ine ndinakulira m'nthawi ya makadi a chipani, pomwe wopanda khadi sankalowa mumsika. Choncho dzanja langa linazolowera kuti pepala likabwera umasaina, mafunso n'kudzafunsa uli kunyumba. Khalidwe limeneli ndinapita nalo ku Nairobi, kumene ndinkaphunzitsa anamwino pa koleji ina ya boma. Ndinkakhala m'dera la Pangani ndi mwana wanga wamkazi, yemwe anali m'chaka chomaliza cha sekondale.

Chaka chimenecho anayamba kutidula ndalama za bungwe la ogwira ntchito, ngakhale ife amene sitinali mamembala. Ankati bungwelo likamenyera nkhondo malipiro timadya nawo, ndiye tizisonkha nawo. Ine sindinatsegule pakamwa, paja kwa eni kulibe mkuwe. Komanso chilolezo changa chogwirira ntchito m'dzikomo chinali chitatsala miyezi inayi kuti chithe, ndipo kuti achiwonjezere pankafunika kalata ya mkulu wa koleji. Popanda chilolezocho ndikanachoka mwana asanalembe mayeso.

Tsiku lina bambo wina wachikulire, mphunzitsi mnzanga amene anandipezera nyumba nditangofika, anabwera ndi pepala. Anali mayina a anthu okana kudulidwa, omwe ankatengera nkhaniyo kukhoti. Munthu waimvi, wondichitira zabwino, ataimirira pamaso panga ndi cholembera m'manja, ndikanamukana bwanji? Ndinasaina.

Patapita masabata awiri, mayi woimira bungwe, yemwe tinkaimba naye kwaya kutchalitchi, anabwera ndi lakenso. Ili linkanena kuti ife osakhala mamembala tikuvomera kudulidwa ndi mtima wonse. Ndinasainanso. Ndinkadziona ngati wochenjera, kuti ndasangalatsa onse. Uchitsiru wanga!

Kalata yondiitana kukhoti itafika, chakudya chinaleka kulowa. M'kalasi ndinkaiwala zomwe ndanena kumene, ndipo kawiri konse minibasi, yomwe kumeneko amati matatu, inandipitiriza pamalo otsikira ndili phee kuganiza. Mwana anazindikira.

"Mami, kuna shida? Chavuta n'chiyani? Mwaonda," anandifunsa.

"Palibe, iwe uziwerenga," ndinamunamiza.

M'khoti loya wa bungwe ananyamula mapepala awiri, lina kudzanja ili, lina kudzanja ilo. Anandifunsa ngati siginecha yoyamba inali yanga. Ndinavomera. Yachiwiri? Ndinavomeranso.

"Ndiye mayi, muli mbali iti?"

Ndinayang'ana bambo wachikulire uja, ndinayang'ananso mnzanga wa kwaya. Onse anali atanditong'olera maso.

"Bwana, sindinkafuna kukhumudwitsa munthu," ndinatero.

Khoti lonse linafa nalo phwete, mpaka woweruza anabisa nkhope m'mafayilo. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowemo. Kumbuyo kunakhala mkulu wa koleji, yemwe anabwera kudzamvera mlanduwo. Iye yekha sanaseke.

Sabata yotsatira ndinapita ku ofesi kwake kukapempha kalata ija, nditavala chitenje changa chabwino. Ndinalowa mowerama ngati ndikulowa kwa apongozi. Anandipatsa mpando, anandifunsa za mwana, kenaka anatseka fayilo yanga.

"Pole, pepani mama," anatero. "Mbali zonse ziwiri zikukuonani ngati kazitape. Sindingalembere kalata mlendo amene dzina lake lili m'milandu."

Ndinagwada. Inde, ine mphunzitsi wa anamwino ndinagwada pansi, ndikulonjeza kufufuta dzina langa paliponse pomwe angafune. Anangoyang'ana pawindo.

Chilolezo chinatha, ndinabwerera kumudzi. Mlanduwo unapitirira ine nditachoka, ndipo mpaka lero sindidziwa anapambana ndani. Mwana ndinamusiya ku Madaraka, mu Nairobi momwemo, kwa banja lina la Amalawi a kutchalitchi, komwe ankagona pabalaza. Ine ndikukwera basi, iye sanalire. Anangondiuza kuti ndisaiwale kumwa mankhwala, n'kutembenuka msanga.

Tsiku loyamba la mayeso ake linandipeza ku Ndirande, kwa achemwali anga. Ndinadzidzimuka m'bandakucha, n'kuthamangira kukayatsa mbaula kuti mwana asachedwe. Madzi anali atawira kale pomwe ndinakumbukira kuti woti ndimudzutse palibe.