Tsiku Limene Ndinagwila Apongozi Anga

Ine ndine mkamwini. Ndinachoka kwathu kufupi ndi Minga n'kukakhala kumudzi kwa mkazi wanga, kumene kuli mabanja amene anathawa nkhondo ku Mozambique kalekale ndipo sanabwelele. Zaka khumi ndi ziwili ndinakhala pakhomo limodzi ndi apongozi anga, amai ake a mkazi wanga, osawayang'ana kumaso. Tikakumana panjila, mmodzi anali kupatukila m'udzu. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinali kuuza mkazi wanga, iwo ali pomwepo akumva. Kuwagwila dzanja ndiye sindinalotepo n'komwe. Sichinali chidani ayi, ndi ulemu wa kwathu, ndipo ine ndinali kuunyadila.

Apongozi analibe chitupa. Anaoloka malile ali mtsikana, mfuti zikulila kumbuyo. Pamene anzao anali kulembedwa, ena n'kubwezedwa kwao, iwo anali atakwatiwa kale ndi munthu wa kuno, ndiye anaona ngati ukwatiwo wakwana. Mwamunayo atamwalila anatsala opanda pepala lililonse. Mkazi wanga anatenga chitupa chake kudzela mwa atate ake. M'mudzi aliyense anali kudziwa za apongozi, koma palibe anali kuzikamba. Iwo anali kuopa chinthu chimodzi chabe: kuti tsiku lina adzawakweza galimoto n'kukawatula kumalile, kudziko kumene kulibenso wowadziwa.

Chaka chimene ndikukamba, maina a mudzi wathu wonse anasowa pamndandanda wa olandila fataleza wa boma. Mvula inali itagwa kawili, chimanga chitamela. Makada, anyamata a chipani cholamula, anali kukamba poyela pamsika kuti tinavota molakwika, tikathile voti yathuyo m'munda. Tinakumana a kopaletivu ndi midzi ina itatu imene inaona zomwezo, n'kugwilizana kuti tipite ku Petauke tikayende mumseu mpaka kumaofesi a boma.

Pakamwa panga mpamene panandipweteka. Ndinaimilila n'kunena kuti, "Tikapita amuna okhaokha adzati ndife zigawenga. Patsogolo tiike azimai achikulile, anyamule masaka opanda kanthu. Wapolisi wanji angamenye munthu wa imvi?" Anthu anaomba m'manja. Ndinadzimva kukhala munthu tsiku limenelo. Kenako wina anafunsa kuti, "Nanga apongozi anu adzapita?" Ndinayankha kuti adzakhala oyamba.

Kunyumba mkazi wanga, amene anali ndi khanda la milungu itatu, anandifunsa ndisanakhale n'komwe pansi.

"Mwaiwala kuti amai alibe chitupa?"

"Ndani angafunse chitupa kwa nkhalamba pakati pa gulu? Kawauzeni chabe."

Anapita kukawauza. Apongozi anali kusenda nshawa pakhonde pao. Ndinawamva akuyankha motsitsa kuti, "Ngati apongozi anena, tidzapita." Mkamwini akapempha kanthu, kumukaniza n'kumuchititsa manyazi. Ndinali kudziwa zimenezo, ndipo n'zimene ndinadalila.

Tinanyamuka m'mamawa pa kanta, kagalimoto konyamula katundu, azimai atakhala pansi, ife amuna titaimilila kumbuyo. Tinatsikila pafupi ndi msika, n'kuthyola nthambi zaziwisi kuti aliyense aone kuti tabwela mwamtendele. Poyamba zinali bwino. Azimai anayamba nyimbo ya kutchalitchi, ife tikuvomela. Apongozi anali pamzele woyamba, atavala chitenge chao cha pa Sabata, saka atalipinda pachifuwa. Ine ndinali kumbuyo pang'ono, mbali ina ya mseu, kuti ndisawayandikile.

Koma tauni si mudzi. Tikuyenda choncho gulu linayamba kukula ndi anthu amene sitinali kuwadziwa. Ena analowa ndi nyimbo zao zachipani, ena atanyamula miyala m'manja. Ogulitsa anayamba kulonga katundu, mashopu akutsekedwa mmodzimmodzi. Phokoso la zitseko zachitsulo lija ndi limene linayamba kundiopsa. Ndinayesa kukuwa kuti tayani miyala, koma mawu anga sanafike ngakhale kwa munthu wachitatu.

Pokhota kulinga kumaofesi tinapeza lole itapingasa mseu, apolisi ataima patsogolo pake, zisoti kumutu. Sanali apolisi amene timawaona masiku onse, nkhope zao zinali zachilendo. Mmodzi anakamba pa chokuzila mawu, koma sindinamve kalikonse. Azimai athu anaima. Akumbuyo anapitiliza kukankha. Mwala unauluka pamwamba pa mitu yathu n'kugunda lole.

Kenako kunamveka phuu, phuu.

Utsi wokhetsa misozi sindinali nditaulawapo. Umalowa m'maso, pakhosi, mpaka pakhungu pamene pali thukuta. Anthu anabalalika, nthambi ndi masaka zili mbwee mumseu, mapatapata otayika paliponse. Nanenso ndinathawa, sindibisa. Ndinathamanga mpaka pangalande, ndipo mpamene ndinakumbukila kuti sindinabwele ndekha.

Nditacheuka ndinawaona apongozi. Anthu onse anathawa, iwo okha anagona chafufumimba pakati pa mseu, manja atagwila kumutu, osagwedezeka. Ndi mmene anaphunzilila kwao nthawi ya nkhondo, kuti mfuti ikalila ugone pansi. Utsi unali kuwapita pamwamba.

Ndinabwelela. Ndinafika pafupi, mapazi asanu chabe, n'kuima. Mungandiseke, koma manja anga anakana. Ndinaima chammbali monga mwa masiku onse, nkhope nditalozetsa kwina, ndikunena kuti, "Amai, ukani. Amai, tiyeni." Maso anga anali kufunafuna mzimai aliyense woti awadzutse. Panalibe mzimai. Ndikanawanyamula pomwepo tikanalowa kuseli kwa mashopu, pakuti mpata unalipo. Ine ndinautaya ndikusunga ulemu.

Apolisi awili anafika n'kuwanyamula m'khwapa kupita nawo kulole. Miyendo yao inali kukwekweleza pansi. Ine sanandigwile, anali kutola okhawo amene anagwa. Mtima wina unandiuza kuti thawa, uli ndi khanda kunyumba. Koma ndikanakamuuza chiyani mkazi wanga? Ndinayenda ndekha kupita kulole, ndipo wapolisi anandiponyela m'kati ndi mbama ya pakhosi.

Anatitsitsila pabwalo lina lozingidwa ndi waya, n'kutiuza kuti tivule nsapato tikhale pansi. Tinalipo anthu ngati makumi awili, a kwathu asanu. Dzuwa linali pamutu. Apongozi anakhala kumapeto kwa mzele, ine patali pang'ono. Maso ao anatupa, mamina ndi misozi zikutsika. Anali kunong'ona okha, ndipo nditatchela khutu ndinazizidwa. Anali kupemphela m'chilankhulo cha kwao kutsidya, chimene sindinawamvepo akukamba chikwatile ine.

Kunatuluka wapolisi wachikulile ndi buku, wina atamunyamulila mpando. Anayambila mbali ina ya mzele. Aliyense anali kumufunsa zitatu: dzina, mudzi, chitupa. Kalankhulidwe kake kanali ka Chinsenga chenicheni, munthu wa kuno ndithu, wodziwa midzi ndi mafumu ake. Munthu wotele sungamunamize za mudzi. Ndipo apongozi akangotsegula pakamwa, lilime lao lidzawaulula.

Ndinawelenga anthu otsala kuti afike pa iwo. Asanu ndi atatu. Asanu ndi awili. Ndinaona m'maganizo mwanga galimoto ikuwatula pamalile, nkhalamba yopanda nsapato, yosadziwa kolowela. Ndinali ndi mantha amene sindinakhale nawo chibadwile.

Atatsala anayi ndinadzikoka chokhala mpaka pamene anali. Ndinakhala mowagunda, phewa ndi phewa. Anadzidzimuka n'kufuna kusuntha, koma ndinawagwila mkono. Unali wopepuka, wotentha. Ndinawakokela pachifuwa panga, ndinatenga m'munsi mwa shati yanga n'kuyamba kuwapukuta maso ndi mphuno monga ndimachitila ndi ana anga.

"Amai," ndinanong'ona, "musakambe kanthu. Lelo ndinu amai anga ondibala. Mukhosomole chabe."

Anauma thupi lonse. Sanandiyang'ane, koma pemphelo lija analeka. Anthu a kwathu amene anali pamzele anaweletsa mitu pansi ndi manyazi. Mai wina woyandikana nafe nyumba anatembenukila kuwaya. Ine nkhope inali kuyaka, koma sindinasiye kupukuta.

Wapolisi uja anafika n'kukhala pampando wake patsogolo pathu. Ndinapeleka chitupa changa, analemba.

"Nanga awa ndani?"

"Amai anga, bwana."

"Amai ako otani?"

"Ondibala."

"Chitupa chao?"

"Chatsala kunyumba, bwana. Tinanyamuka mothamanga."

"Ayankhe okha. Amai, kwanu n'kuti?"

Apongozi anakhosomola. Sikunali konamizila, utsi unali udakali pachifuwa. Anakhosomola mpaka malovu anagwela padzanja langa, ine ndikuwasisita pamsana. Ndinati, "Utsi wawatseka pakhosi, bwana, ndiponso khutu limodzi silimva."

Anayang'ananso chitupa changa. "Iwe ndiwe wa ku Minga. Nanga wabwela bwanji ndi anthu a mudzi uja wa othawa nkhondo?"

"Ndinakwatila kumeneko. Amai ndinawatenga atate atamwalila."

Anatiyang'ana, cholembela chikugogoda pabuku. Ndinali kumva mtima wa apongozi ukugunda pamkono panga, kapena unali wanga, sindidziwa. Kenako anatembenukila kwa mai woyandikana nafe uja.

"Inu amai, mumawadziwa awa? Si apongozi ake amenewa?"

Mai ameneyo tinali titakanganapo za mbuzi zake zimene zinadya mbewu zanga, ndipo miyezi iwili sitinali kupatsana moni. Ndinatseka maso.

"Bwana," anatelo, "inu ndinu wa kuno. Munaonapo mkamwini akupukuta mamina apongozi ake?"

Wapolisi wonyamula mpando anaseka. Wachikulileyo sanaseke. Analemba kanthu m'buku, n'kundifunsa nambala ya foni, ndinapeleka.

"Nkhalamba sitisunga muno. Atengeni muzipita. Koma Lolemba ubwele nawo pano ndi chitupa chao. Ukapanda kubwela, mudzi ndaulemba, tidzakupeza."

Tinatuluka pageti nditawagwilabe mkono, nsapato zao zili m'dzanja langa lina. Sindinawasiye mpaka titakhota kumene apolisi sangatione. Pamenepo anachotsa mkono wao pang'onopang'ono, anakonza chitenge, n'kutsalila kumbuyo. Pa kanta yobwelela anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni. Mkazi wanga nditamufotokozela sanandinyoze. Anangofunsa kuti, "Ndiye Lolemba tidzatani?"

Lolemba sitinapite. Tikanapita ndi chiyani? Ndinazimitsa foni, ndinakhala pakhonde tsiku lonse ndikumvetsela mseu. Njinga yamoto ikamveka patali, ndinali kuimilila kukasuzumila. Apongozi anachoka kusanache bwino ndi kamtolo ka zovala, n'kukabisala kudimba lakutali kumtsinje. Anabwela dzuwa litapendeka. Palibe anabwela kudzatifuna, Lolemba limenelo kapena lina lililonse. Mwina buku lija analiponya m'kabati tsiku lomwelo. Fataleza anafika mochedwa, chimanga chitayamba kale kufiila, ndipo anthu anaiwala za ulendo wathu.

Apongozi sanaiwale. Lolemba lililonse anali kunyamula kamtolo kao n'kupita kumtsinje, kaya kuli mvula kaya kuli malilo m'mudzi. Mkazi wanga anayesa kuwauza kuti zinatha, a mpingo anayesa, osamva. Anasiya kupita kumsika. Galimoto ikalowa m'mudzi anali kutsekela m'nyumba. Ine ndinapempha mkazi wanga kuti akandipepesele, ndipo yankho limene linabwela linali lakuti, "Apongozi sanalakwe, anatipulumutsa." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwana.

Patapita zaka zitatu anadwala chifuwa. Tinafuna kupita nawo kuchipatala, anakana. Anati kumeneko amalemba maina m'buku ndipo amafunsa chitupa. Tinawauza kuti odwala sabwezedwa, ndinabweletsa ngolo mpaka pakhomo, koma anagwila mwendo wa bedi. Tinawagulila mankhwala a pashopu, sanathandize. Anali kungofooka tikuona.

Tsiku lina masana mkazi wanga anapita kukatunga madzi, ine ndili panja ndikukonza khasu. Ndinamva kugwa kwa chinthu m'nyumba mwao. Nthawi imeneyi sindinaime pakhomo, ndinalowa. Ndinawapeza ali pansi, akukwawila kumene kunali kamtolo kao, miyendo itakana. Ndinawanyamula n'kuwabwezela pabedi. Anandigwila shati, n'kundiyang'ana m'maso, ndipo anakamba ndi ine mwini, osadzela mwa munthu.

"Apongozi, lelo ndi lachingati?"

Linali Lolemba.

"Lachitatu, amai," ndinatelo. "Gonani."

Anasiya shati yanga n'kutseka maso. Ndinakhala pansi pambali pa bedi mpaka mkazi wanga atabwela ndi madzi. Anamwalila Lachisanu la mlungu womwewo.