Masamba Achikasu a Eilif

Taganizirani m'mawa wamba ku Skarvnes, mudzi wa asodzi wa m'mphepete mwa nyanja: kunja chipale chofewa chili mbuu, khofi akuzizira m'kapu, ndipo mayi Gunvor Sæterdal, omwe anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, akhala pa kompyuta manja ali pamiyendo. Anakhala akutero miyezi inayi.

Mchimwene wawo Eilif anali mmodzi mwa anthu ochepa amene anayambitsa laibulale ya pa intaneti, momwe ongodzipereka amakoperamo mabuku akale kuti aliyense awerenge ulere. Poyamba munali mabuku asanu ndi awiri okha, koma pomwe Eilif amamwalira anali atakwana zikwi. Lamulo lake linali lakuti tsamba lililonse lidutse m'maso mwa anthu awiri. Woyamba akalikopera limakhala lachikasu, wachiwiri akalifananiza ndi chithunzi cha buku lenilenilo limasanduka lobiriwira.

Eilif anasiya masamba 212 achikasu, a buku la mayina a asodzi amene anamira panyanja. Pamwamba pa tsamba lililonse panalembedwa kuti, "Womaliza kuligwira: Eilif." Mayi Gunvor atatsimikiza tsamba loyamba, dzinalo linachoka, pakubwera lawo. Anazimitsa kompyuta akumva ngati awakwirira kachiwiri achimwene awo.

Tsiku lina mnzawo Magnhild analowa ndi buledi wamoto.

"Mukadalonderabe maliro, amwali?"

"Ndikangodina apa, achimwene achoka."

"Aa, inunso! Eilif uja, wolephera kudikira ketulo kuti iwire? Akanakufunsani kuti, 'Gunvor, makalata a anthu unkawakhaliranso chonchi?'"

Mayi Gunvor anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Agogo anga ali m'menemo, tsamba 140," anatero Magnhild motsitsa mawu. "Ana akusukulu akufuna kuwerenga za makolo awo, koma aphunzitsi akuti lachikasu sangalidalire."

M'mawa mwake mayi Gunvor anayamba, tsamba limodzi patsiku. Ankatchula dzina lililonse mokweza, la munthu ndi la bwato lake, chala chili pachithunzi. Nthawi zina zinkamveka ngati wina akuwerenga nawo, atawatsogolera ndi mzere umodzi wokha, ndipo sankatembenuka. Akapeza pomwe Eilif analumpha mzere ankati, "Apa munali ndi tulo, achimwene," nakonza. Tsiku limene sanapeze cholakwika ndi limene linkawawa kwambiri, chifukwa analibe chowauza.

Tsamba lomaliza analiyang'ana mpaka dzuwa kupendeka, kenako anadina.

Bukulo linatha pa 3 Okutobala, mayina onse 1,904 atafananizidwa, ndipo ndi loyamba la ku Skarvnes kulowa lathunthu mulaibulaleyo.