Bambo Anga ndi Zotsala za M'mbale

Bambo anga ndi telala, ndipo chibadwire sanatayepo kanthu. Tizidutswa ta nsalu amasokera mapilo, mabatani a malaya ong'ambika amasunga m'chitini pansi pa makina. Zimenezo ndilibe nazo mlandu. Chimene chimandipsetsa mtima n'choti khalidwe lomweli anapita nalo patebulo.

Mayi nawonso sadziwa kuphika pang'ono. Ana tonse tinachoka kalekale, koma poto ndi yemwe uja ankatiphikiramo nyumba ili yodzaza. Mpunga amathira ngati kukubwera timu ya mpira. Ukawafunsa amati, "Nanga kukabwera alendo?" Alendo akewo ndi ine ndi ana anga awiri, ana oti akangolawa basi akhuta.

Ndiye zotsala zonse zinkathera kwa bambo. Mwana akakankha mbale, iwo, "Bweretsa kuno." Nyemba za dzana, buledi wouma gwa, mbatata yoyamba kuterera, ankangonunkhiza kamodzi n'kuti, "Zikadali bwinobwino izi." Adzukulu anawapatsa dzina loti Amalizeni, eni ake n'kumasekerera. Ine sindinkaseka. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma.

Kuchipatala atawapeza ndi matenda a shuga, dokotala sanapsatire mawu: achepetse kudya, apo ayi chilonda chomwe chinawatuluka kuphazi sichipola. Tonse tinagwedeza mitu. Sipanapite nthawi ndinawapeza kuseri kwa chitseko cha khitchini, sipuni m'manja, akukokota poto.

"Bambo! Dokotala uja anati chiyani?"

"Ndiye titaye? Anthu analima izi, mwana wanga. Mayi ako akhala pamoto m'mawa wonse."

"Nanga inu mayi, bwanji osaphika zochepa?"

"Iwe usandiphunzitse kuphika," anatero mayi. "Bambo akowa sanadandaulepo."

Ndinatuluka panja kuopa kulankhula zoti ndingadzapepese. Uyu safuna kutaya, uyu safuna kuchepetsa, ndipo aliyense akuti akuchitira mnzake chifundo. Ndinayesa kunyamula zotsala kupita nazo kwathu. Mayi anaona ngati zatikomera, mawa lake anawonjezera mpunga.

Chilonda chija sichinapole. Anawadula chala chachikulu cha kuphazi.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndinawagwira mkono mpaka pabalaza, ndipo tinapeza patebulo padzaza chakudya. Nkhuku yathunthu, mpunga phiri, mbatata, nyemba, kabichi.

"Adye abwezeretse thupi," anatero mayi, akupukuta manja monyadira.

Bambo anakhala pansi, phazi lomangidwa bandeji lili pampando. Anapakula pang'ono, anadya, anaika sipuni pansi. Mwana wanga wamng'ono, mwachizolowezi, anakankhira mbale yake kwa agogo ake, chakudya chosakhudza n'komwe. Ndinaona dzanja la bambo likunyamuka. Linafika pamphepete pa mbale, linaima, kenako linabwerera pamwendo.

"Mayi a ana," anatero osakweza mawu, "zaka zonsezi ndakhala ndikudya kuti ntchito yanu isapite kudzala. Chala ndapereka. Phazi lokhali mundisiyire."

Mayi anayang'ana mbale zija imodzi imodzi, zonse zikadali zodzaza, ndipo panalibe wina woti azimalize. Ndinkayembekezera kuti akalipa. M'malo mwake anandikodola, tinapita kukhitchini, n'kutseka chitseko kuti bambo asamve.

"Tandiuza," anatero motsitsa mawu, atagwira kapu. "Anthu awiri okha amathira mpunga wochuluka bwanji?"