Dzina la pa Chitsulo cha Agogo

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene amamudziwa munthu asanapatsidwe dzina, chifukwa wandisunga mpaka lero kuti ndikusimbireni za chitsulo chimene chinkatseka khomo la khola la nkhuku kwathu, kufupi ndi Nsaru.

Chinali chitsulo chopyapyala, chadzimbiri, chachikulu ngati lichero, ndipo pakati pake anaboolapo zilembo zisanu ndi ziwiri: PRESTON. Dzuwa la m'mawa likawomba, zilembozo zinkagwera pansi m'kholamo, pa nthenga ndi zitosi, anapiye n'kumazijompha. Amayi ankati chinachokera ku esiteti ya fodya kumene agogo, bambo awo, ankagwira ntchito. Ankachiika pa belo n'kupakapo utoto wakuda kuti fodyayo adziwike mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali mzungu. Agogo anadinda mabelo zaka zambiri mpaka anthu anayamba kuwaitana a Pulesitoni, dzinalo n'kuwakakamira. Ine sindinawaone agogowo. Koma bambo anga atapita ku Kasungu osabwerako, amayi anandilembetsa kusukulu ndi dzina limeneli.

Chaka chimene ndinali sitandade 8, m'dzinja, fodya akuthyoledwa, zala zathu zili zakuda ndi utomoni wa masamba, aphunzitsi anabwera ndi mafomu a mayeso. Ndimakumbukirabe mawu awo: “Dzina limene mulembe apa ndi limene mudzafe nalo. Likapita lapita. Lachisanu ndikufuna mafomu onse.” Atafika pa ine anamwetulira, n'kutulutsa buku la mapu lopanda chikuto, lonunkha chinyezi.

“Bwera kuno, mzungu wathu.”

Anaika chala chachoko pa kadontho kena ku Mangalande, pafupi ndi nyanja. Dzina langa linali pomwepo, losindikizidwa bwinobwino. Anati ndi tauni yaikulu imene inatchuka ndi mafakitale a nsalu za thonje, ndiponso kuti kunjako kwakhala anthu odziwika a dzina lomweli, wina woimba, wina msilikali, wina wolemba mabuku.

Ndinatupa ngati finye. Pamjigo ndinauza atsikana anzanga kuti ndili ndi abale kutsidya kwa nyanja. Ndinayamba kudumpha matope monyang'wa, ine yemwe ndinalibe nsapato. Lero ndikaganiza ndimaseka, koma ndimachitanso manyazi, pakuti kudzikuza sikusankha msinkhu.

Lachiwiri amalume anatulukira pa njinga kuchokera ku Kabudula. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo mawu awo pa ife ana a mlongo wawo sankabwezedwa. Dzina la Pulesitoni analitaya kalekale n'kubwerera ku Phiri, mfunda wa agogo. Ataona fomu ija pamphasa, nkhope inasintha.

“Achemwali, mwanayu alembe Phiri. Chidindo cha pa belo mukuchiika pa mwana? Kodi ndi fodya ameneyu?”

Amayi anangowerama. Amalume anapitiriza kuti iwo anaona ndi maso awo, ali mwana, bambo awo ataimirira pamvula, chipewa chili m'manja, akutukwanidwa ndi mwini dzinalo chifukwa cha belo limodzi lonyowa.

Ine ndinalira, koma sindinalirire agogo. Ndinkalirira kadontho ka pa mapu. Ndinati, “Koma amalume, kuli tauni…”

“Tauni yakoyo inakutumizirapo sopo?”

Ananena kuti agona kwathu mpaka Lachisanu, aone okha chimene ndilembe.

Lachitatu nditaweruka, amayi anandisenzetsa dengu la nkhwani kuti tikagulitse ku Nsaru. Mvula inali itangokata, msewu ukutuluka nthunzi. Titafika sanayale nkhwani uja. Ananditsogolera kuseri kwa msika, kumene bambo wina wokalamba ankakhoma zidebe pansi pa mtengo wa mango, phokoso la nyundo likulowa m'mano. Atapatsana moni amayi anati, “Uyu ndi mdzukulu wa a Pulesitoni.”

Nyundo inaima. Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavula chipewa chake. Munthu wa imvi anali asanandivulirepo chipewa.

Anafotokoza kuti iye ndi mkazi wake anabwera ku esiteti ija kuchokera kum'mwera, opanda mbale ndi mmodzi yemwe kuno. M'nyengo ngati yomweyi mwana wawo woyamba anamwalira. Kwathu kuno maliro ndi a mudzi: adzukulu amakumba manda a munthu amene mudzi ukumudziwa. Iwo analibe mudzi, ndipo ntchito ya fodya sinkaima chifukwa cha mwana wa tenanti. Anakhala ndi mtembo m'kanyumba ka udzu, osadziwa kolowera. Ndiye agogo anatula chitini cha utoto, anakapempha malo kwa eni nthaka, n'kutenga khasu. Anakumba okha, mvula ikuwathira. Mwanayo anamukulunga m'mphasa imene agogowo ankagonapo, n'kutsogolera pemphero.

“Kuyambira pamenepo,” anatero mkuluyo, “mlendo akafa pa esiteti, mawu anali amodzi: kaitaneni a Pulesitoni. Mzungu uja nkhope yake ndinaiwala, mwanawe. Ndikamva dzina limeneli ndimaona khasu.”

Ine, ndi uchitsiru wanga, ndinafunsa, “Kodi mukudziwa kuti ku Mangalande kuli tauni ya dzina limeneli?”

“Eti?” Anagwedeza mutu mokhutira. “Ndiye kuti mbiri ya agogo ako inafika kutali.”

Amayi anaseka mpaka kugwira mtengo. Ine ndinakwiya njira yonse, chifukwa ndinkaona ngati mkuluyo sanandimvetse.

Lachinayi masana amalume anali pakhonde, akuchotsa matope pa tayala la njinga ndi kamtengo. Amayi anakhala pansi chapatali, miyendo itapindidwa, n'kuyankhula motsitsa monga mwa chizolowezi chawo.

“Achimwene, inu munaona tsiku la chipewa. Ine ndinaona masiku a khasu, ndinkawanyamulira madzi akumwa. Mzungu anabwera nalo dzinali, n'zoona. Koma analisiya lili lakuda, bambo n'kulitsuka.”

Kamtengo kaja kanapitiriza kukokota tayala mpaka matope onse anatha. Kenako amalume anandiyang'ana.

“Alembe. Koma iwe, udziwe kuti limenelo ndi khasu, si nsapato.”

Iwo anakhalabe a Phiri mpaka tsiku limene tinawaika, ndipo sindiwaweruza. Chilonda chawo chinali chenicheni. Mwana amene waona bambo ake akunyozedwa amakhala ndi mlandu umene Mulungu yekha ndi amene angauzenge. Koma m'Malemba ndinadzakumanamo ndi mnyamata wogulitsidwa ndi abale ake, amene mfumu yachilendo inamutcha dzina lachilendo, iye n'kudyetsa nalo anthu m'zaka za njala. Ndinadzakumananso ndi munthu amene ankaika maliro a anzake ku ukapolo, ena akuopa. Pamenepo ndinawazindikira agogo anga.

Tauni ija sindinapiteko, ndipo sindikhulupirira kuti kumeneko alipo amene anamvapo za Nsaru. Anthu otchuka aja sindinawafufuze. Lero ndili m'gulu la amayi a mpingo, ndipo kuchipatala kukamwalira munthu wosowa abale, amatiitana. Timatenga nsalu ndi beseni. Nthawi zina ndimamva wina akufuula pakhomo, “Kaitaneni mayi Pulesitoni.”

Koma zonsezi ndi za lero. Lachisanu lija ndinagwada pa khola la nkhuku, fomu ili pa bondo, n'kukopera zilembo za pa chitsulo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Ndinathamanga nayo kwa aphunzitsi ndili wokondwa, ndikuganiza kuti ndapambana, kuti ndapulumutsa kadontho kanga ka pa mapu. Sindinadziwe kuti ndasainira khasu.

Inu amene mwawerenga, kaya dzina lanu munalandira kwa makolo, kaya linakugwerani panjira, Ambuye akupatseni mphamvu yolisenza bwino. Akusungeni inu ndi ana anu, ndipo tsiku lanu likadzafika, kaya muli kwanu kaya kuchilendo, asadzasowe munthu wokutengerani khasu. Amen.