Sukulu ya Lyson ili pakhonde panga

Lemba monga ndikunenera, Jessica, usandikonzere mawu. Ndatopa ndi amayi a kutchalitchi ondifunsa kuti mdzukulu wanga Lyson amagwira ntchito yanji, ine n'kumangoyang'ana pansi ngati ndaba nkhuku.

Lyson ndi mwana wa malemu mwana wanga Rosie. Ndinamulera ndine, ndi manja omwewa othyola tiyi. Ali wamng'ono ankandandalika anzake pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumawakalipira, ati iye ndi aphunzitsi. Anapitadi ku koleji ya aphunzitsi, anabwerako ndi pepala lake, n'kukhala pansi kudikira kuti amuitane ntchito. Anadikira mpaka nsapato zimene anagula kuti azikavala kusukulu zinathera kumaliro.

Tsiku lina ndikuchokera ku msika wa Limbuli ndinamupeza pakhonde, kumtunda shati yosita ndi tayi, kumunsi kabudula wong'ambika. Foni waitsamiritsa ku mtondo wanga, akulankhula yekha.

"Alefa, ukundimva? Tayankha."

Ndinayang'ana uku ndi uku, Alefa palibe. Ndinati basi, ulova wamuzunguza mutu mwana.

"Anganga, musadutse kumbuyo kwanga, akukuonani ana asukulu."

"Ana ake ati?"

"Ali m'fonimu."

"Ndiye adya chiyani mmenemo?"

Anandifotokozera, koma mpaka lero sindinamvetse bwino. Akuti ndi anthu akuluakulu amene masamu anawagwetsa ku folomu folo, akufuna kulembanso mayeso. Wina ndi mlonda ku Thuchila, wina ali ku esiteti, Alefayo ali ku Joni. Belu palibe, choko palibe, wochedwa satchetcha udzu. Amalemba ndi makala pa kathabwa, n'kukaonetsa ku foni.

Koma khama ali nalo, ndisamunamizire. Akuti amaitana aliyense pomutchula dzina, chifukwa amene wangoti zii mwina akukazinga mandasi. Akafunsa funso amatseka pakamwa n'kudikira, mpaka ine ndimafuna kuyankha. Salankhula nthawi yaitali, ati bandulo imawathera anthu. Amene netiweki yamuthawa amamujambulira mawu kuti akamvere nthawi yake. Netiwekiyo ndi chiyani sindidziwa, koma akuti pakhonde panga ilipo yambiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikusesapo, sindinaionepo.

Mavuto anabwera ndi chikondi. Anapeza mbeta, Ireen, mtsikana waulemu wa kumunsi uko pafupi ndi malire. Kwathu kuno mwamuna amapita kwa mkazi, amamanga kumeneko, amalima kumeneko. Lyson atapita kukaona malo, foni yake inayamba kumulonjera m'Chipwitikizi. Akuti kumeneko imagwira netiweki ya ku Mozambiki, yathuyi imangobwera ngati mlendo wa pamaliro. Anayesa kuphunzitsa ali komweko, ana ake anangomva theka la mawu. Anabwera nkhope itagwa.

"Anganga, ndikakakhala kumene kuja sukulu yatha. Ndikakana, Ireen ndamutaya. Mundipemphere chitengwa, iyeyo abwere kuno."

Ndinatumiza mawu, atsibweni ake a Ireen, a Mackson, anabwera panjinga kudzaona ntchito ya mkamwini wawo. Ndinawayalira mphasa pakhonde.

"Mayi, sukuluyo ili kuti?"

"Mwaikhalira, bambo."

Anadzuka n'kuyang'ana pansi pa mphasa. Lyson anayamba kuphunzitsa, thukuta lili kamukamu. Mawu a mlonda uja anatuluka m'foni: "Aphunzitsi, madala avala chipewawo ayamba lero? Akhale kutsogolo, maso ndi okalamba." A Mackson anavula chipewa n'kupereka moni kwa mtondo.

Lyson atatha, a Mackson anati, "Ntchito ndaiona, ngakhale sindinaione. Koma mwana wathu achoke pamudzi chifukwa cha mphepo? Munda wa amake alime ndani? Inu mayi, amuna anu anakutengani?"

Apa ndiye pamene ndinasokonezeka. Ndinakhala pamenepo kuti ndimuyankhulire mdzukulu wanga, koma ndinangozindikira mutu wanga ukugwedera. Amuna anga anabwera kuno ndi kathumba kamodzi, anafera kuno. Ine ndikanachoka pamudzi pa amayi chifukwa cha foni? Ndinati, "Zoona, bambo."

"Anganga!" anatero Lyson.

"Usandikuwe, sindili m'foni ine."

Chitengwa chinakanika pomwepo, ndipo anachikanitsa ndine. Ukwati unachitika, Lyson anamanga kanyumba kwa Ireen. Mmawa amalima munda wa apongozi monga mkamwini aliyense, kenako amakwera njinga kubwera kuno, tayi ili m'thumba. Sukulu anaisunthira masana. Ena anamuthawa chifukwa nthawiyo ali pantchito, koma Alefa ndi mlonda uja alipobe, ndipo mlondayo wabweretsa mlamu wake. Mvula ikagwa amafika matope mpaka m'mawondo, n'kundiuza kuti palibe kanthu, ana amangoona kumtunda.

Ndiye aphunzitsi achinyamata amene mukuphunzitsa anthu osaoneka, imvani kwa ine amene sindinapondeko m'kalasi. Musanafunsire mbeta, pitani kwawo, muimirire pamene adzakupatseni malo omanga, mutulutse foni muione ngati ikupuma. Nkhope ya mtsikana muione pambuyo.

Ine ndinkati ndakwatitsa mwana, ndipumule. Koma tsiku lililonse ali pano, nyemba zanga za kalongonda zikutha, ndipo ndikafuna kusinja chinangwa ndiyenera kudikira kaye aweruke.