Tsiku Limene Tinabatiza Fodya

Mpaka lero, fungo la fodya wa m'chigafa likandipeza ndimayamba kuseka ndekha. Limandikumbutsa mayi Rozina, anansi athu pa esiteti ku Kaluluma, amene anathawa nkhondo ku Mozambiki.

Posoka fodya manja awo ankachita phula, ndiye kolona yopempherera sankaigwira. Tsamba lililonse ankalitchula dzina polilowetsa pa chingwe: "Zuze, Ameliya, Tomasi," kenako kapemphero.

Ine ndi mng'ono wanga Esinati tinagwirizana kuti fodya wawo ankakongola chifukwa anali wobatizidwa. Tinatunga madzi ndowa yodzaza n'kulowa m'chigafa cha bambo, fodya atauma kale. Esinati anavala thumba la feteleza ngati wansembe, ine n'kumawaza madzi, iye akutchula mayina.

"Iwe ndiwe Petulo! Iwe Aginesi!"

Bambo anatulukira ndi kamtengo m'manja. "Ana inu, mukundiwoletsera fodya!"

Tinathawira kumbuyo kwa mayi Rozina. Atamva zomwe tinachita, anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Asiyeni, achimwene. Akhristu atsopanowa tiwayanika padzuwa, auma."

Ndinadzadziwa nditakula kuti Zuze, Ameliya ndi Tomasi anali ana awo amene sanawoloke nawo malire.