Zilembo za pa Jezi ya Tolegen

Zauresh sanaponyepo mpira m'dengu ngakhale kamodzi, koma ku Kumtas kulibe munthu amene wagwira majezi a timu ya basiketibo kuposa iye. Anayamba ali mtsikana, nthawi imene fakitale ya simenti inkalira osapuma, fumbi lake likugwera pa zovala zoyanika. Fakitaleyo ndi imene inayambitsa timu, n'kuilowetsa mu ligi ya m'chigawo. Osewera ankalembedwa ngati antchito a pafakitale, koma ntchito yawo inali mpira basi. Zauresh anapatsidwa kachipinda kuseri kwa holo, makina osokera ndi lumo, kuti azisoka dzina la timu, KUMTAS, pachifuwa cha jezi iliyonse.

M'kachipindamo ndi mmene anadziwana ndi Tolegen, mnyamata wamtali woti polowa pakhomo ankachita kuwerama, wovala nambala 14. Sabata siinkatha asanabwere ndi jezi yosomoka chilembo.

"Chemwali, K wanga wathawanso," ankatero Tolegen.

"Wathawa, kapena mwamuzula nokha? Ulusi wangawu suduka wokha, achimwene."

Chaka chisanathe, amayi ake a Tolegen anabwera kudzamuveka Zauresh ndolo za chitomero.

Zaka zokoma sizinachuluke. Timu inatenga chikho cha chigawo kamodzi kokha, amayi a m'tauni n'kuwaza maswiti pa osewera mpaka ana kudzaza zipewa. Kenako fakitale inatseka. Holo inazizira, osewera akumayeserera mpweya ukuoneka pakamwa ngati utsi. Mwini chigayo cha tirigu anaitola timuyo n'kuitcha Burkit, ndiye kuti chiwombankhanga. Majezi atsopano sanagule ayi. Anangouza Zauresh kuti amasule dzina lakale, asokepo latsopano. Chiwombankhangacho chitauluka pang'ono, chigayo chinagwa. Kunabwera wina wa malole, iyenso ndi dzina lake, Naizagai, mphezi. Mphezi yake inali yongothera kunsi kwa ligi chaka ndi chaka. Zauresh ankamasula n'kusoka, kumasula n'kusoka, pansalu zomwezo, mpaka zina zinapyapyala ngati sefa.

Mayi wodziwa nyumba sataya nsalu. Zilembo zonse zimene ankachotsa ankapita nazo kwawo, n'kuzilumikiza ndi zigamba zina pa korpe, kamatiresi kopyapyala kokhalira alendo pansi. Munthu ukabwera kudzamwa tiyi kwa Zauresh umakhalira B wofiira, Z wachikasu ndi ma A osawerengeka.

Tolegen anamwalira ndi chifuwa m'nthawi ya Burkit, n'kusiya mwana mmodzi, Darkhan. Mwambo umati zovala za womwalira zigawidwe kwa abale ndi kwa amene anasambitsa thupi. Zauresh anagawa jasi, nsapato, chipewa chaubweya, zonse. Koma jezi yake ya chaka cha chikho anaibisa pansi penipeni m'bokosi. Apongozi atafunsa, anayankha kuti njenjete zinadya. Mwa majezi onse a timuyo, imeneyi yokha ndi imene inatsala ndi dzina loyamba lija, KUMTAS.

Darkhan anakula ndi msinkhu wa bambo ake, n'kulowa timu yomweyo. Anasewera mpaka mawondo anayamba kutupa. Akabwera kumasewero, amayi ake ankamupaka mafuta a nkhosa n'kumumanga ndi nsanza, akulalata.

"Anzako akuyendetsa malole, iwe ukuthamangitsa chikopa. Udzakwawa usanakwatire."

"Mpamene mudzandisokere mawondo ena, Amayi. Ulusi wanu suduka."

Chaka chimene maso a Zauresh anayamba kuphonya bowo la singano, timu inagulidwanso. Ulendo uno wogulayo anati aisamutsira kumzinda waukulu wa chigawocho, kumene kuli holo yofunda ndi anthu ogula matikiti. Majezi ake amadindidwa ndi makina. Zauresh palibe amene anamuuza kuti ntchito yatha. Anangopeza m'kachipinda kake mwaunjikidwa mipando yothyoka.

Tsiku lina masana Darkhan anabwera ndi mlendo, Sanjar, woyang'anira timu watsopano. Anali mnyamata waulemu, anavula nsapato n'kukhala pa korpe, tiyi n'kulandira ndi manja awiri.

"Amayi, ndamva kuti muli ndi jezi ya chaka cha chikho," anatero Sanjar. "Tikufuna tikaiike m'galasi polowera m'holo yathu. Anthu adziwe kuti timuyi ili ndi mizu."

Zauresh anayang'ana mwana wake. Darkhan anali kuyang'ana m'kapu.

"Mizu mukuinyamula pabasi, mwananga?" anafunsa Zauresh. "Mtengo wake ndi wotani umenewo?"

Sanjar anaseka mwamanyazi. "Tidzaisamala, Amayi. Fumbi silidzaikhudza."

"Fumbi inalizolowera. Tengakoni timandasito, n'tammawa."

Mlendo atapita, Zauresh anatola makapu. Darkhan anamutsatira kukhitchini, akukoka mwendo.

"Pakamwa pako mpobooka ngati dengu lanulo," anatero Zauresh.

"Amayi, tamverani. Anzanga onse akuno awasiya. Mawondo angawa akuwadziwa bwino. Ine akunditenga chifukwa ndine mwana wa nambala 14, akufuna azindijambula nditaima pambali pa jeziyo. Ikapanda kupita, kaya."

"Ndiye akufuna jezi, iwe ndiwe chopachikira."

"Chopachikiranso chimadya, Amayi."

Zauresh anatsuka makapu aja, n'kuwatsukanso. Jeziyo anawamana apongozi, anawamananso alamu ake amene anasambitsa Tolegen ndi manja awo. Chilichonse cha timuyi chinasinthidwa dzina pamaso pake, ndi zala zake zomwe, kupatula chimenechi. Koma mwana ndi mwana. Ukamuona akukoka mwendo ali ndi zaka zoti akanakhala akunyamula ana ake, mtima sulimba.

Kutacha anatsegula bokosi. Jezi inali itafwifwa, ikununkha mankhwala a njenjete. Anakhala pawindo pamene dzuwa limalowera bwino, magalasi pamphuno, lumo laling'ono m'manja. Anayamba ndi K. Chilembo chimenecho chinamuvuta kwambiri, poti anachisoka kambirimbiri kalelo, ulusi pamwamba pa ulusi, nthawi imene Tolegen ankachizula dala. Koma zala zinkaidziwa njira. Dzuwa lisanafike pamutu, zilembo zonse zinali pamiyendo pake.

Darkhan atalowa anagwira mutu.

"Amayi! Mwatani? Chimene akufuna ndi dzinalo!"

"Timu ikasintha mwini, dzina limachoka. Ndi mmene ndakhala ndikugwirira ntchito kuyambira usanabadwe. Nambala ya bambo ako ndasiya, nayo iyo. Koma Kumtas sakwera basi."

"Ndiye ndikapereke chansanza chopanda dzina? Akandiseka."

"Taikweza kuwindoko."

Darkhan anaitambasula kudzuwa. Pamene panali zilembo nsalu inali isanafwifwe, ndipo kuwala kunkadutsa m'timabowo ta singano, mzere ndi mzere. Dzina linkawerengeka, ngakhale movutikira.

"Wofuna kudziwa ayandikira," anatero Zauresh. "Wosafuna angodutsa. Ipinde bwino, usaikwinye ngati matawulo ako."

Sanjar ananyinyirika, koma jezi anailandira, poti ina kunalibe. Ili m'galasi mpaka lero. Darkhan anakhala kumzindako nyengo imodzi, nthawi zambiri ali pabenchi, kenako anamupatsa ntchito yophunzitsa timu ya ana. Kwawo amabwera pa zikondwerero zokha. Holo ya ku Kumtas tsopano amachitiramo maukwati, ndipo madengu aja anawakulunga nsalu zoyera kuti asaoneke pazithunzi.

Zilembo zija Zauresh anazisokera pakona ya korpe, kumbali imene amakhala iye mwini pothira tiyi. Zinamutengera nyengo yonse yachisanu, ndipo zinapotoka, chifukwa ankasoka mongofufuza ndi zala. Atamaliza anaphimba makina ndi nsalu, n'kuikapo mphika wa maluwa. Aneba akabwera ndi diresi loti apinde, amawauza kuti apite kwina, iye watopa.